Tsiku Limene Miimba Inakana Mai Lhadon

Wangdrak anali wodula mitembo pathanthwe la kumtunda kwa mudzi, ntchito imene anasiyiridwa ndi bambo ake. Kwawoko akufa sankawakwirira, ankawapereka kwa miimba kuti idye. Anthu ankamupatsa ulemu, koma kapu imene wamwera tiyi wa batala ankaiika payokha. Iye analibe nazo kanthu. Ankati abale ake enieni ndi miimba.

Ankaidziwa bwino. Akayatsa nthambi za mkungudza, utsi n'kukwera, muimba umodzi unkaoneka ngati kadontho m'mwamba. Ukangoyamba kutsika, ina ya kuseri kwa mapiri inkauona n'kutsatira, mpaka thanthwe lonse kuda bii. Inkapisa makosi ake opanda nthenga m'nyama, ikukankhana. Mafupa iye ankawasinja n'kusakaniza ndi ufa wa balere, kuti pasatsale kanthu. Dzuwa lisanafike paliwombo, wakufayo amakhala atapereka mphatso yake yomaliza.

Chaka china anthu anathira chiphe m'madambo kuti aphe mbewa zowononga msipu. Wangdrak anayamba kupeza miimba itauma m'mbali mwa njira, mapiko ali tambasu, itadya mbewa zachiphezo. Ng'ombe zaubweya zikafa ndi chisanu, zinkangowola m'mphepete mwa mtsinje umene anthu ankatungamo, agalu olusa akunenepa nazo.

M'nyengo imeneyo anamwalira mai Lhadon, nkhalamba imene inkadyetsa aliyense wodutsa pakhomo pake. Mwana wawo, Norgye, anabereka mtembowo kumsana mpaka pathanthwe. Wansembe atatha mapemphero, Wangdrak anagwira ntchito yake, n'kuitana monga mwa nthawi zonse.

Miimba inabwera yowerengeka. Inatera pamwala wapatali, n'kumangoyang'ana.

"Bwanji sikudya, achimwene?" Norgye anafunsa. "Amayi analakwanji?"

"Sanalakwe kanthu. Khalani pansi."

"Kumudzi akanena kuti anali ndi tchimo lobisika. Pakamwa pa anthu mukupadziwa."

"Akanene. Mbalamezi zaona zinzawo zikufa ndi chakudya. Inuyo mungadye msanga?"

Wangdrak anawonjezera mkungudza pamoto. Anatenga nthuli n'kuiponya pafupi ndi muimba waukulu wothothoka phiko, umene anaudziwa kuyambira kale.

"Iwe mkulu, wayamba liti manyazi?" anaulankhula motsitsa. "Tsika. Usandichititse manyazi pamaso pa anamalira."

Muimbawo unapendeketsa mutu, n'kudumpha pang'ono kubwerera m'mbuyo. Kenako unatambasula mapiko n'kudziponya kuphompho, inayo n'kuulondola.

Wansembe anasiya kuwerenga mikanda yake yopempherera. Mphepo inali itatembenuka, ikutsitsira fungo kuchigwa, ndipo posakhalitsa anaona agalu akukwera njira ya phiri, ali chete, wina pambuyo pa mnzake.

Wangdrak anavula chikhoti chake cha chikopa cha nkhosa n'kufunditsa mai Lhadon. Anatola miyala yogendera agaluwo n'kuunjika pafupi ndi mapazi ake.

"Tolani yanu, achimwene," anauza Norgye. "Tikhala pompano mpaka mbalame zibwerere."

Norgye anayang'ana kumwamba. Kunalibe mbalame, ngakhale kamtambo. Anawerama n'kuyamba kutola.