Tinjere titatu pachipsera changa

Ndinatiwona ndikusamba, mvula itangoyamba, chaka chimene boma la Chitaganya cha maiko atatu linafika. Pachipsera pamene panali bere langa lakumanzere panatuluka tinjere titatu, tolimba ngati nandolo wouma. Sitinkapweteka. Khungu lozungulira linangofiira, ndipo linkayabwa ndikatuluka thukuta.

Panali patatha zaka ziwiri chichotsereni berelo. Nthawi imeneyo tinapita ku chipatala cha kumtunda anthu awiri a pachilumba chathu pa sitima yapamadzi imodzi, ine wa m'mudzi wa Khuyu ndi Agnesi wa ku Mbungo, tonse ndi khansa ya m'bere. Tinagona mabedi oyandikana, anatichita opaleshoni dokotala mmodzi, ulusi anatichotsa tsiku limodzi. Koma titabwerera pachilumba, Agnesi ananenepa. Ankasenza mtsuko kuchokera kunyanja osatula panjira, ankasinja chinangwa yekha, ndipo anabereka mwana wamkazi amene ankamuyamwitsa bere limodzi lotsalalo. Ine mkono unatupa, ngakhale kumanga duku kunkandivuta. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi amayi ankamuzungulira, kumati Mulungu wamuchitira zazikulu. Ine ndinkaima kumbuyo n'kumadzifunsa kuti kodi iyeyu anapemphera pemphero lanji limene ine sindilidziwa.

Ndinadikira pafupifupi mwezi, poganiza kuti tiphwa tokha. Amuna anga anali kuntchito ku Halale. Kanjere kamodzi kataphulika n'kuyamba kutuluka madzi, ndinayenda wapansi mpaka ku Chipyela, ku chipatala cha mishoni. Asisitala anasinikiza chipsera chonse ndi zala, anafufuzanso m'khwapa ndi m'khosi.

"Mayi, ndi nthenda yomwe ija, yabwerera pakhungu," anatero. "M'khwapa sindikupezamo kanthu. Mugone kuno, dokotala abwera ndi sitima."

Sitimayo inachedwa chifukwa cha mphepo ya mpoto. Tsiku lililonse linkafanana ndi linzake: belu la m'mawa, mapemphero, kenako namwino ankatsuka balalo ndi madzi a mchere n'kumanga bandeji zimene ankaziphika ndi kuziyanika kuseri. Masana tinkakhala pakhonde kumayang'ana ngati kukubwera utsi wa sitima panyanja.

Agnesi anabwera kudzandizonda, mwana ali kumbuyo, atanyamula kondowole ndi usipa. Anakhala pamphasa n'kuyamba kuyamwitsa. Ndinayang'ana khosi lake lodzaza, ndi kadzanja ka mwana kakusewera pachipsera chake chosalala. Ndinamuyankha mawu awiri atatu, kenako ndinati ndili ndi tulo. Chakudyacho ndinapatsa mayi wa bedi lapafupi.

Sitima itafika, inabwera ndi dokotala pamodzi ndi amuna anga, amene anali atamva uthenga. Amuna angawo atawona balalo anapukusa mutu n'kufunsa kuti, "Nanga mnzanu wa ku Mbungo uja bwanji anachiriratu?" Sananene mwachipongwe, koma mawuwo anandipweteka kuposa mpeni umene unandidula mawa lake.

Anandigonetsa ndi mankhwala onunkhiza. Dokotala anadula khungu lonse limene linali ndi tinjere, ndipo poti malowo anali aakulu, anasenda khungu la pantchafu n'kuphimbapo. Ndinadzuka ndikusanza, mabala awiri akutentha. La pantchafu ndi limene linandivuta kwambiri. Sabata yachiwiri thupi linatentha, m'mphepete mwa bala munachita mafinya, ndipo ankandibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo mpaka kutentha kunatsika.

Asananyamuke, dokotala anandiuza mosabisa kuti, "Ndachotsa zonse zimene maso anga awona. Zimene sindinaziwone sindingalonjeze. Muzibwera mwezi ndi mwezi."

Tsiku lina akundimanga bandeji ndinafunsa asisitala chifukwa chimene nthendayi inabwerera kwa ine n'kumusiya Agnesi. Anati, "Sindikudziwa, mayi. Sitsata khalidwe la munthu. Ndikudziwa kuti mukanachedwa miyezi ina, mpeni sukanathandiza."

Ndinatuluka chimanga chitayamba kucha. Poyamba ndinkayenda ndi ndodo, n'kumapumira pansi pa mlambe uliwonse.

Lero zapita nyengo zinayi za mvula chichokereni m'chipatalamo. Palibe chatulukanso. Mkono ukadali wolemera ndipo khasu lalikulu ndinalisiya, koma ndimazula chinangwa, ndimayanika usipa, ndipo ku Chipyela ndimafika osapumira. Agnesi timapatsana moni bwinobwino. Kamwana kake kakamathamanga pamchenga mtima umandilasabe pang'ono, sindinama.

Amayi anzanga amene munachotsedwa bere, musamati nkhani inathera pa opaleshoni. Posamba muzisisita chipsera chanu kuyambira pachifuwa mpaka m'khwapa. Mukapeza kanjere, kufiira kapena chilonda chosapola, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale sichikupweteka. Musayeze thupi lanu ndi la mnzanu. Iye akhoza kukhala bwino, inu nthenda ikuyenda.