Thonje la a Mwatichani

Mumsewu wa amisiri aliyense amawadziwa kuti a Mwatichani. Dzinali analipata chifukwa ukawauza kanthu amapotoza khosi, n'kukupatsa khutu lamanzere: "Mwati chani?" Lamanja linafa kalekale. Ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo, ndipo phokoso la makina odulira linawadya makutu pang'onopang'ono ngati chiswe pa nsichi. Koma geti limene awotcherera iwo, mbala imangoliyang'ana n'kupitirira.

Pa unyamata wawo anali kadaulo wa dansi, nsapato sizinkachedwa kutha. Ndiye atauzidwa kuchipatala kuti khutu lamanzere nalo likutsatira linzake, sanadandaule za ntchito. Chinawawawa n'chakuti ana awo awiri, mnyamata woyamba kumene sukulu ndi kamlongo kake, anali asanapite nawo kukamvera limodzi oimba akuimba pamaso pawo.

Lamlungu lina masana kunabwera bandi pa bwalo la mpira. Mayi a ana anali kuntchito, choncho bambo anasambitsa anawo okha, kuwadzoza mafuta mpaka zipumi waliwali. Kamtsikanako anakaveka diresi chotembenuza, mabatani kutsogolo, koma ndani akanawauza? M'thumba la malaya anaikamo thonje.

Atafika pachipata anagwada, n'kuyamba kupota thonjelo ndi zala zawo zokhakhala, kutseka ana makutu mosamala.

"Abambo inu," anatero mayi wogulitsa malalanje, "anawa abwera kudzamva nyimbo kapena kudzaonera?"

"Mwati chani?"

Mayiyo anabwereza mokuwa, anthu n'kuseka.

"Amvabe, mayi, thonje limangophwetsa ukali," anayankha a Mwatichani. "Chitsulo chikathyoka ndimalumikiza. Khutu lilibe wowotcherera."

Khamu lonse linkakankhana kutsogolo, kumene kunali masipika aatali ngati zitseko. A Mwatichani ankadziwa bwino kuti kumeneko n'kumene khutu lawo likanatolako kanthu. Mnyamata uja anawakoka dzanja: "Adadi, tiyeni kutsogolo!" Anayang'ana masipikawo, anayang'ana timakutu ta ana awo. Anakaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi golo, kamtsikana atakanyamula pamapewa.

Bandi inayamba. Kwa ana, nyimbo zinkafika bwinobwino, moti mnyamatayo anayamba kudumpha fumbi koboo. Kwa bambo ake kunkangofika kugunda kwa pansipansi, ngati wina akukhoma msomali kuseri kwa khoma. Ankaona woimba lipenga akutupitsa masaya, wagitala akugwedeza mutu, koma mawu ake osawapeza. Mtima unawawa zedi. Anaima chilili, akumwetulira kuti ana asadziwe.

Koma mwana ukamunyamula pamapewa amamva thupi lako lonse. Kamtsikanako kanawerama.

"Adadi, bwanji simukuvina?"

"Nyimbo sizikufika kuno, mwanangu."

Kamtsikanako kanawagwira chibwano ndi manja onse awiri, kuwapotoza mutu monga amachitira okha, n'kuika kakamwa kake pa khutu lamanzere lija. Kanayamba kuimba. Mawu a nyimboyo sikankawadziwa, kankangoikamo ake, za mphaka wa kunyumba ndi za diresi lake, malovu ali thothotho, chikhatho chikuomba ng'oma padazi la bambo ake. A Mwatichani anamva liwu lililonse.

Miyendo inakumbuka yokha. Anayamba ndi mapewa, kenako chiuno, kenako masitepe aja a kale amene anakopera nawo mayi a ana. Bandi inkapita kwake, iwo kwawo, chifukwa ankatsata woimba wawo wa pamapewa. Anthu anawapatsa malo akuseka, ena akuomba m'manja, ndipo mnyamata uja anasiya kuyang'ana kutsogolo n'kuyamba kutsanzira mapazi a bambo ake. Misozi imene inkatsika anaisiya, anthu aziyesa thukuta.

M'mawa mwake amisiri anzawo anadabwa. Munthu amene anadula zitsulo zaka zonsezi makutu ali pamtunda anatulutsa thonje, kulipota bwinobwino, n'kutseka khutu lamanzere asanayatse makina.

"Lero ndiye mwatani, a Mwatichani?" anakuwa kalipentala wa khomo loyandikana. "Mwayamba kutseka khola mbuzi zitathawa?"

A Mwatichani anachotsa thonjelo kuti amve, kalipentala n'kubwereza.

"Yatsala imodzi, achimwene," anayankha akulibwezera. "Ndipo ili ndi mwini wake. Madzulo akufuna adzaimbiremo."