A Maliya ndi Njerwa za Pamgodi

Mukafika kwathu kuno ku Mgodi, panjira ya ku Vubwi, musavutike kufunsa kuti nyumba ya a Maliya ndi iti. Ndi yokhayo ya njerwa zotuwa imene idakali chiimire. Zinazo tinagwetsa tokha ndi manja athu, ndipo ine Monika amene ndikusimbane sindidziyeretsa. Khitchini yanga ndinaiphwanya ndekha, lero ndimaphikira pansi pa mango.

A Maliya si akuno. Anabadwira ku Tamanda, mwana wa aphunzitsi a pamishoni, ndipo m'mimba mwa mayi awo anatulukamo awiri okha, iwo ndi mng'ono wawo Tryness. Mu 1984 anakwatiwa ndi a Paulo, mmisiri womanga nyumba, amene anawatenga chitengwa n'kubwera nawo kuno. Bambo awo anadandaula kuti mwana wodziwa kuwerenga nyimbo akukatayika kumaenje. Sananame kwenikweni. Kuno kunali mgodi wa golide umene azungu anausiya agogo athu akali anyamata. Anatisiyira maenje, zitsulo zadzimbiri, ndi mulu waukulu wa dothi losalala ngati ufa, lotsala atapera miyala. Tinkautcha chulu cha azungu, ndipo ngakhale chisoso sichinkamerapo.

A Paulo ndiwo anayamba kuona kuti dothi limenelo, ukalisakaniza ndi la kudambo, limaumba njerwa zosang'aluka. Losafuna kusefa, lopanda mwini. Anaumba chilimwe chonse, a Maliya akutunga madzi ndi mimba ya Howard, mwana wawo yekhayo amene anakula mwa anayi. Nyumba itaima, zipinda zitatu ndi khonde, mudzi wonse unatsanzira. A Paulo anamwalira mu 2009, n'kuwasiyira akazi awo makoma owongoka moti mpaka lero alibe mng'alu.

Ndiye kunabwera chimene pawailesi amati chitukuko. Poyamba anali anyamata athu omwe, atamva kwa anzawo a ku Petauke kuti makina a azungu akale ankataya golide wambiri. Anayamba kutsuka dothi la pachulu m'mabeseni, ndipo zoonadi tinthu tonyezimira tinkatsalira pansi. Sipanathe chaka, inafika kampani ndi mapepala ake. Inazinga waya phiri lonse ndi chulu chomwe, n'kuimika makina oboola pansi amene amalira tsiku lonse. Akuti akufufuza kaye. Chaka chino n'chachinayi akufufuzabe, ife tikuonerera pawaya.

Atathamangitsidwa pachulu, anyamata anakhala pamsika manja ali m'matumba, mpaka wina anakumbukira kuti dothi la pachulu silinathere mkati mwa waya. Lina lili m'makoma. Abale, anthu tinapenga. Munthu kugwetsa nyumba yogonamo, kusinja njerwa mumtondo wachitsulo, kutsuka, kuthira mekyule, kuti apeze kanthu kochepa ngati njere ya mawere. Aliyense ankati adzamanga ya mabuloko ndi malata atsopano. Pitani mukawerenge nyumba za mabuloko kuno, zala za dzanja limodzi zikutsalirani. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusiyo ndi ife.

Howard anayamba ndi ulemu. Anakhala pansi pakhonde, chipewa m'manja.

"Amai, njerwa za atate ndizo zoyamba, anatapa pamwamba penipeni. Muli golide woposa nyumba zonse kuno. Ndikumangirani ina yabwino."

"Uyambe wamanga inayo, ndiione," anatero a Maliya.

"Ndimanga ndi chiyani musanandipatse iyi?"

"Basi, tonse tidikire."

Howard si chidakwa, si wakuba. Ali ndi ana asanu ndipo munda wake unalowa mkati mwa waya. Zimenezo ndimazidziwa, koma ndikamuona mtima umandiwirabe. Tsiku lina a Maliya anapita kukiliniki kukayezetsa BP. Anachoka m'mawa, pobwera masana anapeza chimbudzi kulibe, patsala dzenje ndi chitseko chogonekedwa bwinobwino pambali. Anamuitanitsa mwana wawo, ife tikumva.

"Howard, tsiku udzakhudze khoma la nyumba iyi ine ndili pano, ndidzavula chitenje pamaso pako, uone kumene unachokera."

Palibe mwana wa kuno amene angaimirire mawu otere. Anzake onse a Howard anamva. Koma onani msampha wake. A Maliya anati "ine ndili pano." Temberero limagwira mwini ali pomwepo, ndipo Howard naye anamva bwino mbali imeneyo. Kuyambira tsikulo a Maliya sanapondenso kunja kwa bwalo lawo.

Zaka ziwiri, anthuni. Mayi amene ankayambitsa nyimbo ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, lero akulu ampingo amawabweretsera Mgonero kunyumba ngati wodwala, chonsecho miyendo ili bwino kuposa yanga. Munda wawo wa kudambo unamera tchire, amangolima kamzere ka chimanga kuseri kwa nyumba. Madzi ndimawatungira ine. Mankhwala a BP ndimakawatengera ine, ndikunamiza anesi kuti agogo sayenda. A Maliya ndinawauzapo kuti apite kutchalitchi ine ndiwalondere nyumba.

"Iwe Monika, amene unadya khitchini yako yomwe?"

Tinaseka, koma kenaka ananena zoona zake. Ine ndine woyandikana nawo chabe. Mwana wa mwini nyumba akabwera ndi hamala, ndingamuletse ndi pakamwa pati?

Tryness ankawaimbira foni Lamulungu lililonse, akutsokomola. Ankawapempha kuti abwere ku Tamanda adzaonane. A Maliya ankayankha kuti mvula ikatha, kenaka kuti akakolola, kenaka kuti Howard akapeza ntchito kukampani. Akadula foni ankanena kuti, "Ndikumunamiza mwana wa amai anga chifukwa cha dothi." Ndinkamva chisoni, komanso ndinkakwiya nawo, osadziwa kuti ndikwiyire ndani.

Uthenga unafika Lachiwiri m'mwezi wa Julaye chaka chatha. Tryness wapita, maliro Lachinayi. A Maliya analira mozungulira nyumba, akugwira makoma. Madzulo ake anaitana Howard n'kumuuza kuti malemuwo ndi mayi ake aang'ono, choncho akwera nawo galimoto limodzi, akhala pafupi, abwerera limodzi. Howard anavomera, misozi ili m'maso. Ndikhulupirira kuti misoziyo inali yeniyeni.

Lachinayi m'mamawa tinakwera lole ya kanta imene ampingo anapeza. A Maliya anavala yunifomu yawo ya Chigwirizano, bulauzi yoyera imene inali itachita chikasu m'mapindiro chifukwa chokhalitsa m'sutikesi. Anakhala kutsogolo kwa bodi atagwira chitsulo, akuyang'ana mudzi ngati mlendo, poti mabwinja ambiriwo anali asanawaone. Howard anakhala kumbuyo ndi azibambo. Tinayamba nyimbo.

Pageti la kampani pali mahampu atatu, ndipo galimoto imayenda ngati kamba. Titadutsa lachitatu, a Maliya anacheuka. Pamalo pa Howard panali chipewa cha munthu wina. Tinamuona patali akudula njira ya m'munda, akuyenda mofulumira, ndipo pamtengo wa mkuyu panali anzake awiri akumudikira ndi wilibala.

Nyimbo inazima yokha. A Maliya anamenya denga la dalaivala ndi chikhato, galimoto inaima.

"Amake Howard, maliro n'kulirana," anatero mayi wina wachikulire. "Uyu ndi mng'ono wanu. Nyumba ndi dothi."

"Ndikabwera ndidzagona kwa inu?" anafunsa a Maliya.

Mayiyo naye amagona m'chisakasa cha pulasitiki. A Maliya anandipatsa kathumba ka ufa wa pamaliro, n'kutsika okha, osafuna kugwiridwa dzanja. Ndinawaona akuthamanga, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, atakwinya siketi, nsapato zili m'manja. Ndinafuna kutsika nanenso koma anandikuwira osacheuka kuti ndipite ndikawaonere.

Ku Tamanda anthu anali ambiri. Aliyense ankasuzumira kumbuyo kwanga kufuna a Maliya, ndipo ine ndinkangoti akubwera. Kumanda, atatha kukwirira, mkulu woyendetsa mwambo anayamba kuitana abale kudzaika nkhata za maluwa. Anaitana ana, anaika. Kenaka anati, "Akulu awo a malemu, mayi Maliya." Anaitananso. Anthu anayamba kutembenuka, kunong'onezana. Ataitana kachitatu, mwana wamkazi wa Tryness analira mokweza kuti, "Amai munkawadikira, ngakhale lero sanabwere." Nkhatayo anaiika pambali, pa udzu.

Tinabwerera Lachisanu masana. Nyumba inali chiimire, yonse, kupatula njerwa zisanu ndi imodzi za pakona ya khonde. A Maliya anapeza Howard ndi anzake aja atangoyamba kugumula. A Maliya anali pampando pakhomo, akadali m'yunifomu ija, mapazi otupa ndi minga. Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza za bokosi, za ulaliki, za kwaya ya ku Madzimoyo. Anandidula.

"Dzina langa anaitana?"

Ndinaganiza zonama, koma ndatopa nako kunamizira nyumba imeneyi.

"Anaitana."

"Kangati?"

"Katatu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkadikira kuti alire, ndiwagwire. Koma kuseri kwa nyumba kunagwa kanthu, kaya ndi mbuzi kaya n'chiyani, ndipo a Maliya anadzuka msanga, akutsimphina, kukaona.