Uvuni Utatsala Pang'ono Kudya Mitengo ya Kumanda

Ntchito yowotcha njerwa anandipezera ndi apongozi anga aamuna, nkhondo ya Ajeremani isanafike. Ndinali mkamwini kumunsi kwa phiri la Mphunzi, ndipo tinali titangoika mwana wathu woyamba, kamtsikana kongoyamba kuyenda, m'nkhalango ya kumanda kuseri kwa mudzi. Apongozi ataona kuti ndikungokhala khuma pakhonde, anakandipereka kwa a Gama, amene ankawotcha njerwa zomangira tchalitchi.

A Gama anali aafupi, nsidze zonse zinapserera kalekale, koma pakamwa eee! "Mkamwini iwe, manja akowa ndi othyolera nkhwani?" Ankatero uku akundigawira mbatata yawo. Anandiphunzitsa kuponda dothi, kuumba ndi chikombole, kuyanika njerwa pansi pa udzu, kusanja uvuni n'kusiya makomo a moto m'munsi, kenako kuumata matope. Vuto linali nkhuni. Uvuni umadya, abale. Mitunda yonse yapafupi inali itasanduka zitsa zokhazokha.

Tsiku lovutalo linali la m'nyengo yozizira, mwera ukuwomba osapuma. Mphepo inkalowa m'makomo n'kukankhira moto kunja kudzera m'ming'alu. Pofika m'mawa mulu wa nkhuni unali utatsala pang'ono kutha, pamene njerwa zam'mwamba zinali zidakali zosapsa. Moto ukazima pakatikati chonchi, njerwa zimangofumbutuka m'manja, thukuta la miyezi yambiri n'kupita pachabe.

Kapitawo wa ntchito anafika, anayang'ana muluwo, nati, "Tengani nkhwangwa. Mitengo yatsala kumanda kokha."

Ine ndinati, "Bambo, kumeneko kuli mwana wanga."

Kapitawo nayenso anagwetsa nkhope, poti anali munthu wa pamudzi pomwepo. "Nanga kumishoni ndikanena chiyani?"

"Tipatseni mpaka dzuwa lipendeke," anatero a Gama.

Tinatseka makomo onse a mbali ya mwera ndi zidutswa za njerwa, n'kuimika mpanda wa udzu wotchinga mphepo. Tinakanda matope osakaniza ndi ndowe n'kumata mng'alu uliwonse, khoma likutentha mpaka manja kutuluka matuza. Kenako anandithamangitsa kumudzi kuti ndikapemphe zitsononkho, poti inali nyengo yotong'ola chimanga.

Sindinachite kufotokoza kawiri. Amayi anabwera pamzere, madengu pamutu, mkazi wanga patsogolo. Ena anakakokola utuchi kudzenje la ocheka matabwa. A Gama ankaziponya pamoto pang'onopang'ono, akukalipira aliyense wofuna kukhuthula dengu lonse: "Mukufuna kuutsamwitsa? Moto amaudyetsa ngati wodwala!"

Dzuwa litapendeka anandikweza pamakwerero kuti ndiike udzu wouma pamwamba pa uvuni. Udzu uja unayamba kufuka, kenako lawi linangoti phwii! Moto unali utafika pamwamba. Kapitawo anatola nkhwangwa zija yekha n'kukazibweza.

Ine ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, anthu onse akuona.

"Lira uku ukumata," anatero a Gama, akundipatsira matope. "Mng'alu uwo."

Ndinawakonda mkulu ameneyo, ndipo ndimawasowa. Ndawotcha njerwa mpaka imvi, koma sindinaitanitsepo nkhuni zina ndisanazungulire uvuni, kuseri kwa dzanja kuli pafupi ndi khoma, kufufuza pamene moto ukuthawira. Anyamata amandiseka kuti ndine waumbombo pa nkhuni. Alekeni aseke. Mwana wanga akugonabe pamthunzi.