Lavon Gaither ndi Kampu ya mu Julaye

M'tauni ya Belzoni aliyense amamudziwa Lavon Gaither, ngakhale amene sanalankhulepo naye. Munthu wa thupi ngati limenelo sabisika m'tauni yaing'ono. Polowa m'sitolo amawerama, ndipo akakhala pa benchi kutchalitchi anthu awiri amasendera. Koma ndi munthu wofatsa, wa mawu apansipansi, moti ana samuopa.

Anali mwana wachiwiri komanso chitsirizira kwa mayi Earline, omwe ankaphikira ana chakudya pa sukulu ya pulayimale. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, thirakitala itawagudubuzikira m'mphepete mwa dziwe loweteramo milamba. Mchemwali wake Odessa ndiye ankamulera amayi akapita kuntchito, mpaka tsiku lina atalephera kumunyamula anamukhazika pansi n'kumuuza kuti kuyambira tsikulo aziyenda yekha.

Mpira, uja wonyamula m'manja ndi kugwetsana, anauyamba ali ku sekondale. Kochi anamuona atasenza matumba awiri a mbatata pothandiza amayi ake kukhitchini, n'kumufunsa ngati anavalapo chipewa cholimba chomwe osewera mpirawo amatetezera mutu. Anamuika pa mzere wakutsogolo, pomwe pamaima anyamata akuluakulu otchinga adani kuti asamugwetse woponya mpira. Anthu a pamalo amenewo mpira saugwira, sagoletsa, ndipo dzina lawo limamveka pa zokuzira mawu pokhapokha akalakwitsa. Lavon zinamukomera choncho. Mayi Earline sankaphonya masewero, koma komwe mpira wapita analibe nako ntchito. Anyamata akaunjikana pansi, iwo ankangoyang'ana kuti wawo wadzuka, kenako n'kupuma.

Anasewerera koleji yaing'ono ya konkuno ku Delta, dera lino la maiwe ndi minda ya thonje. Chaka chomwe matimu akuluakulu ankasankha osewera ochokera m'makoleji, dzina lake silinatchulidwe. Komabe kawiri konse anaitanidwa ku kampu, komwe timu imayesera osewera isanasankhe otsala nawo. Matimu amatero chaka chilichonse: isanayambe kampu ya mu Julaye amalemba anyamata ochuluka, akudziwa bwino kuti pakutha pa Ogasiti ambiri abwerera kwawo. Kawiri konseko Lavon anabwerera, ali ndi chikwama ndi makabudula a timu omwe sankawavala pagulu.

Anayamba ntchito ya kumaiwe, kukoka maukonde a milamba madzi akulekeza m'chifuwa. Anzake sankamusiya. Ukonde ukalemera ankamuitana kuti abwana a pa TV, tagwirani kuno, makamera ali m'njira. Iye ankangoseka n'kukoka mbali yomwe amuna atatu alephera.

Kenako mayi Earline anagwa m'khitchini ya kutchalitchi akukonza chakudya cha maliro a munthu wina. Inali sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, ndipo mawu anathawa onse kupatula amodzi, "eya", omwe ankawanena pa chilichonse, povomera ndi pokana pomwe. Nthawiyo Odessa anali atakwatiwa ku Memphis, ali ndi ana atatu ndi mwamuna woyendetsa mathiraki yemwe pakhomo ankangodutsa. Choncho zonse zinagwera Lavon. Amayi a kutchalitchi ankasinthana kukhala ndi wodwalayo masana, koma kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pampando, kuchoka pampando kupita kubafa, inali ntchito yake. Poyamba onse awiri ankachita manyazi, mayi akuyang'ana kukhoma, mwana akuyang'ana kudenga. Pakupita kwa miyezi manyaziwo anatha. Anaphunzira kuwaluka tsitsi ndi zala zake zikuluzikuluzo, mizere yokhotakhota, ndipo akawapatsa galasi ankaseka ndi theka la pakamwa mpaka misozi.

Thupi lake sanalitaye. Akaweruka, dzuwa litapendeka, ankawakweza amayi ake m'pikapu yakale ya malemu bambo ake, n'kuwakhazika pa chiwongolero, injini osaliza. Iye ankapita kumbuyo n'kumakankha galimotoyo mu msewu wafumbi wodutsa pakati pa minda ya thonje, mayi Earline akuwongolera ndi dzanja lamanzere. Nthawi zina ankailowetsa dala m'udzu kuti amuone akuvutika. Anthu a m'mbali mwa msewuwo anazolowera, ankangokweza dzanja ali pakhonde. Ukamufunsa kuti akukonzekera chiyani, ankati palibe, akungowayendetsa amayi kuti apitidwe mphepo. Koma foni yake sankaizimitsa mwezi wa Julaye.

Inalira chaka chachitatu cha matendawo, iye ali ndi matope mpaka m'khosi. Anali ajenti wake, munthu womufunira matimu, yemwe anali atasowa nthawi yaitali. Timu ina ya kumpoto inali itavulalitsa anthu awiri a pamzere kampu isanayambe n'komwe, ndipo inkalemba atsopano mwachangu. Ndege inali ya mawa lake kuchokera mu mzinda wa Jackson. Lavon anati aganize kaye. Ajentiyo anati woganiza sakumufuna, ali ndi mayina ena.

Anaimbira Odessa kungoti amuuze, koma Odessa anakweza ana m'galimoto n'kufika dzuwa lisanalowe. Anakambirana ali chiimire kuseri kwa nyumba kuti amayi asamve.

"Wakula, Lavon. Ukakana lero sadzaimbanso."

"Nanga amayi aziwanyamula ndani? Ndi msana wanu ujawu, achemwali?"

"Ndinakunyamula iwe chimunthu chonsechi, ndilephere amayi?"

"Munanditula pansi," anatero Lavon, ndipo onse anaseka pang'ono.

Odessa anati watenga tchuthi kuntchito, ana ali pa holide, ndipo milungu ingapo si chaka. Anati iye anaona mng'ono wa mnzake akukalamba ndi mawu oti ndikanapita, ndipo sankafuna kudzamva mawu amenewo m'nyumba ya amayi ake.

M'mawa mwake Lavon anawasambitsa amayi ake, kuwaveka diresi la maluwa, n'kugwada pafupi ndi mpando wawo. Anawafotokozera pang'onopang'ono komwe akupita, n'kuwauza kuti akalowa mu timu adzawatenga akakhale limodzi kumpotoko, akakanika abwerera msanga. Mayi Earline anamugwira malaya pakhosi ndi dzanja lawo lamoyo lija. Maso ali pa iye, ankangoti eya, eya, eya. Sanamusiye. Nthawi inkatha.

"Akuti pita," anatero Odessa, n'kumasula zala za amayi ake chimodzichimodzi.

Ku kampu anafika pamodzi ndi atsopano anzake, aliyense atamatidwa dzina pa chipewa kuti makochi asamasokoneze. Anamuika chipinda chimodzi ndi Tevita Moala, mnyamata wa makolo a ku zilumba za Tonga wokulira ku Utah, wongotuluka kumene ku koleji, wokonda kupemphera ndi kuliza mkonono. Tevita ankamuitana kuti madala. Lavon anamuphunzitsa zomwe makampu awiri aja anamuphunzitsa iye: kufika msanga, kusadandaula pamaso pa kochi, ndiponso kusazolowerana kwambiri ndi munthu aliyense, poti mawa ukhoza kupeza bedi lake layalulidwa. Lachitatuli analiphwanya yekha, chifukwa mnyamatayo anamukonda.

Ulendo uno zinthu zinamuyendera. Anyamata ena ankakomoka ndi kutentha, koma kwa munthu wa kumaiwe a ku Delta dzuwa la kumpoto linali masewera. Miyendo yokankha pikapu ija sinkasunthika. Pa masewero oyeserera achiwiri anamulowetsa chigawo chonse chomaliza, ndipo palibe mdani yemwe anamudutsa. Akutuluka m'bwalo, kochi wa pamzere anamugogoda chipewa n'kumufunsa kuti anali kuti zaka zonsezi. Lavon anati ankagwira milamba. Kochiyo anaseka, ndipo kuyambira tsikulo ankamutchula dzina osayang'ana pa chipewa.

Nthawi ya nkhomaliro ankaimba kunyumba pa foni yoonana nkhope. Masiku oyamba amayi ake ankayang'anitsitsa, n'kumakhudza galasi la foni ndi chala. Kenako Odessa anayamba kunena kuti agona. Tsiku lina ankati ali ndi alendo a kutchalitchi, lina ankati netiweki ikuvuta angolankhula osaonana. Zoona zake zinali zoti mayi Earline anayamba kukana chakudya mwana wawo atangochoka. Ndiye m'mawa wina, pakati pa bedi ndi mpando, anapulumuka m'manja mwa Odessa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Kuchipatala chibayo chinawapeza. Odessa anapempha abusa ndi amayi onse a kutchalitchi kuti pasapezeke womuuza Lavon mpaka timu itamaliza kusankha anthu ake. Ankakhulupirira kuti amayi apirira, poti anali atapirira zambiri.

Lavon ankamva kuti mawu a mchemwali wake asintha. Ankamvanso kuti kumbuyo kwa mawuwo sikukumveka wailesi ya nyimbo zauzimu yomwe m'nyumba mwawo sinkazima. Funso linkafika pakamwa, koma ankalimeza, n'kunena kuti muwapatse moni akadzuka. Kenako ankapita kukamanga nsapato.

Mayi Earline anamwalira m'mawa, Lavon ali pa bwalo. Mafoni onse amatsala m'chipinda chovalira, choncho Odessa anaimbira ku ofesi ya timu. Lavon anali atawerama pamzere kudikira kuti mpira uyambe pamene anaona m'busa wa timu akudutsa pakati pa bwalo, atavala nsapato za kuofesi, akulunjika kwa kochi. Awiriwo atacheukira kwa iye, anaimirira yekha asanamuitane. Atavula chipewa chinagwa m'manja mwake ndipo Tevita ndiye anachitola. Kochi anamugwira paphewa, maso ali ofiira, n'kumuuza kuti apite akaike amayi ake, asaganize za mpira.

Tchalitchi chinadzaza, chifukwa theka la tauni linadyapo chakudya cha mayi Earline lili ana. Lavon ananyamula nawo bokosi, ndipo amuna anzake asanu onyamula nawo ananena pambuyo pake kuti iwo ankangogwirizira. Atachoka kumanda anthu anasonkhana mu holo kudya milamba yokazinga, chikondamoyo ndi masamba. Amuna ankabwera kudzamupepesa, koma akatha mawu awiri a chipepeso ankatsitsa mawu n'kufunsa ngati woponya mpira wa timu ija ndi wamtalidi ngati mmene amaonekera pa TV. Iye ankawayankha onse mwaulemu.

Alendo asanathe n'komwe kubalalika pakhomo, foni inalira. Anali munthu wa ku ofesi ya timu, wolankhula mofatsa, ndipo ankamveka kuti ntchitoyi sakuikonda. Anapepesa za maliro. Kenako anati malo a pamzere sakanakhala opanda munthu masewero ena ali pafupi, choncho alemba mnyamata wina wochokera ku Texas, ndipo mnyamatayo wachita bwino. Lavon asavutike kubwerera, katundu wake amutumizira. Lavon anathokoza, n'kumufunira munthuyo tsiku labwino.

Odessa anali m'khitchini akutsuka mbale za eni ake zoti zibwezedwe, ndipo anamva zonse. Anakhala pansi pomwepo, manja ali ndi thovu, n'kulira kuposa mmene analirira kumanda. Ankafunsa kuti ndiye zonsezi zinali za chiyani. Lavon anatseka mpopi womwe unkangotayika, n'kukhala naye pansipo. Sanamukalipire za kubisa matenda, tsikulo kapena tsiku lina lililonse. Anangofunsa chinthu chimodzi.

"Achemwali, tsiku lija amayi atandigwira malaya, ankati ndipite kapena ndisapite?"

Odessa anapukuta m'maso ndi mkono.

"Sindikudziwa, Lavon. Ndinangoyankha."

Sanakanganepo. Amaimbirana pa Khirisimasi ndi pa masiku obadwa a ana, amafunsana za nyengo ndi za denga lomwe likudontha. Odessa akabwera ku Belzoni amafikira kumanda, amadutsa pakhomo kudzasiya chakudya, koma sagona.

Chilimwe chitatha ajenti uja anaimbanso, akunena za ligi ina yaing'ono yomwe inkafuna anthu a pamzere. Lavon anamuuza kuti afufute dzina lake. Tevita analowa mu timu ndipo akusewerabe. Chaka chilichonse amatumiza matikiti awiri, ndipo Lavon amawapereka kwa kochi wa ku sekondale kuti apatse mwana yemwe wakhoza bwino m'kalasi.

Ntchito ya kumaiwe anaisiya mawondo atayamba kutupa. Masiku ano amayendetsa basi ya sukulu, yachikasu ija yodutsa m'misewu ya kuminda m'mamawa. Amadziwa mwana aliyense yemwe amachedwa, ndipo amadikira pang'ono pageti ngakhale malamulo salola. Sanakwatire. Amakhala m'nyumba yomwe ija, chipinda cha amayi ake chili chotseka, ndipo amachisesa Loweruka.

Anthu a m'tauni amanyadira nayebe. Kukabwera mlendo amamulozera kuti uyo mukumuonayo anasewerako mpira waukulu, ndipo iye sawatsutsa, poti kufotokoza n'kwakutali. Mwezi wathawu ali kometetsa, mnyamata wina wobwera kudzacheza kwa agogo ake kuchokera ku Chicago anamva zimenezi, n'kusendera pafupi maso ali mwaa. Anafunsa kuti kumeneko kunali bwanji, mabwalo akuluakulu aja, anthu otchuka aja. Naye wometa anaimitsa makina.

Lavon anayang'ana tsitsi lake lomwe linagwera pa nsalu, loyamba kale kuchita imvi.

"Chakudya chinali chambiri," anatero.

Anthu anaseka, mnyamatayo anasekanso. Wometa analiza makina n'kumupempha kuti aweramitse mutu.