Fomu ya a Gondwe

A khonsolo atalengeza kuti apereka malo kwa osema ziboliboli pamsika wa alendo ku Sea Point, mnzanga wa ku Dunoon komwe timakhala Amalawife kunja kuno, a Gondwe, anabwera ndi fomu yawo kwa ine. Nanga akanapita kwa yani? Wophunzira wa pamalo pathu ndinali ine, munthu amene ndinadziwa kulemba dzina langa imvi zitamera kale, koma cholembera osachoka pathumba la malaya.

"Achimwene, tilembereni, Chingerezi ndi chanu ichi," anatero.

Ndinavala magalasi n'kumagwedeza mutu ngati loya. Pa fomu yonseyo ndinamvapo dzina ndi adiresi basi. Zinazo, za mitengo ndi chilengedwe, unali mdima wokhawokha. Kunena kuti sindikumva kunandikanika. Ndinaipinda bwinobwino n'kuibisa pansi pa matiresi, ndipo ndinawauza kuti ndakapereka ndekha.

Malo anagawidwa, a Gondwe osaitanidwa. Mpaka lero amagulitsira pamaloboti, akadyamsonga awo osema ali kukhwapa, ndipo amatukwana khonsolo kuti imadana ndi Amalawi.

"Anthu oipa amenewa, eti achimwene?"

"Oipa kwabasi," ndimayankha ine, mokweza kuposa iwo.