Kambuku wa Mchira Wopindika

Nthawi ya Kovidi anatitsekera m'chipinda ku Najma mumzinda wa Doha, ife alonda a pa nyumba zosanja za ku Pearl. Bedi la pamwamba pa langa linali la mnzanga wa ku Nepal. Asanabwere ku Doha ankamangirira makamera pa miyala ya m'mapiri a kwawo, pofuna kuwerenga akambuku a m'chisanu. Akambukuwo amawasiyanitsa ndi mawanga. Mng'ono wake ndiye anatsala pa ntchitoyo, ndipo ankamutumizira zithunzi pa foni.

Mtima wake unali pa kambuku mmodzi wamkazi wa mchira wopindika. Anali atasowa pa makamera chiyambire dzinja, ndipo abusa a kumeneko anali atalusa chifukwa cha mbuzi zawo zimene akambuku ankagwira.

Ine ndi pakamwa panga ndinadzichemerera kuti kwathu kambuku timamudziwa. Chilungamo chake, ndinkangomuona pa chikuto cha machesi. Ndinawonjezanso kuti ntchito yanga ndi yoyang'ana makamera, palibe chingandiphonye. Akandionetsa chithunzi ndinkagwedeza mutu ngati katswiri, koma ndinkangoona miyala yokhayokha. Chinyamacho chimafanana ndi mwala moti ngakhale mwala weniweniwo ungasokonezeke.

Kenako mnzangayo anadwala. Thupi linatentha, maso osaona bwino. Tikudikira galimoto yachipatala, zithunzi zatsopano zinafika. Anandipatsa foni.

"Yalla, fulumira m'bale wanga, tayang'ana. Alipo?"

Ndinachita mantha, osanama. Kwathu wodwala sauzidwa zoipa, ngakhale maliro timamubisira mpaka atadzuka. Ndinaloza chinthu chotuwa pakona.

"Uyu apa, ali bwinobwino. Wanenepanso. Iwe pita ukapimidwe, khalas, basi."

Anamwetulira, ndipo achipatala anamunyamula.

Atachira anabwerera, foni ili m'manja.

"Unati wanenepa? Umenewu ndi mwala umene ndinkakhalapo podya nkhomaliro."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Ndinayesa kufotokoza za mwambo wa kwathu, koma ndinaona kuti iye yekha sakuseka. Mwala unali bwino, koma kambuku wake sanaoneke. Zinandiwawa kuposa kusekedwako.

Malamulo a ntchito anali atasintha, munthu ankatha kuchoka popanda kugwadira bwana. Anzathu ambiri ankathamangira makampani ena. Iye ndege zitangoyamba kuuluka ananyamula chikwama, nati akamufunefune yekha kambuku uja. Ndinamuuza kuti wapenga, kusiya ntchito chifukwa cha mphaka wamkulu wosamudziwa n'komwe. Usiku wake bedi la pamwamba lija linandisowetsa mtendere.

Panapita miyezi. Tsiku lina ndili pa geti, dzuwa likuswa mtengo, foni inalira. Chinali chithunzi cha miyala yotuwa, popanda mawu alionse. Mnzangayo ankawadziwa bwino maso anga, choncho anali atandijambulira mizere yofiira yozungulira kuti ndisavutike.

Mizereyo inali iwiri, wina waukulu wozungulira kambuku wa mchira wopindika uja, wina waung'ono pambali pake.